Laser yobiriwira, yofiira kapena yosaoneka: kusankha makina a Raman oyenera ntchito za kuno ku Zomba

Aliyense amene anakwerapo msewu wopita Ku Chawe amawadziwa anyamata amene amayala miyala pa timatebulo m'mbali mwa msewu. Pamakhala mwala wakuda wonyezimira wotalika ngati chala, wina wooneka ngati galasi lofukiridwa utsi, ndi wina woyera ngati mchere. Wogulitsa amatchula dzina, wogula amavomera, koma mwa awiriwo palibe amene angatsimikize popanda kuswa mwalawo kapena kuutumiza kutali. Funso lawo ndi lomwenso ali nalo mwini famase amene walandira katoni ya mapiritsi okayikitsa, komanso mlimi wa ku Jali amene watsegula thumba la feteleza n'kuona ngati muli mchenga. Makina a Raman, amene amazindikira chinthu pochiwalitsa ndi kuwala kwa laser, amatha kuyankha funso limeneli m'masekondi ochepa, chinthucho osachiwononga, nthawi zina ngakhale paketi yake osaitsegula. Vuto ndi lakuti makinawa alipo a mitundu ingapo, onse ndi okwera mtengo, ndipo labotale yathu ikagula olakwika imakhala nawo zaka zambiri. Chimene ndikufuna kuonetsa pano n'chakuti chisankho chenicheni chagona pa mtundu wa laser ndi pa zinthu zimene muzidzayeza, osati pa dzina la kampani yopanga makinawo.

Kuti kuyerekezaku kumveke, tiyambe ndi mmene njirayi imagwirira ntchito. Maatomu a mu molekyu amakhala akugwedezeka nthawi zonse pa zimango zimene zimawalumikiza, ndipo chimango chilichonse chili ndi liwiro lake la kugwedezeka. Zili ngati ng'oma: yaikulu imalira ndi mawu aakulu, pamene kang'oma kamene chikopa chake chawambidwa pamoto kamalira mokweza. Maatomu olemera amagwedezeka pang'onopang'ono, pamene opepuka ndiponso omangidwa molimba amagwedezeka mofulumira. Tikawalitsa chinthu ndi kuwala kwa mtundu umodzi, pafupifupi kuwala konse kumene kumamwazika kumabwerera ndi mtundu womwewo, ndipo kumwazika kumeneku kumatchedwa kwa Rayleigh. Koma kachigawo kochepa kwambiri, pafupifupi fotoni (kachidutswa ka kuwala) imodzi pa mafotoni 10 miliyoni, kamasiya mphamvu pang'ono mu molekyu n'kubwerera katasintha mtundu. Mphamvu imene yatsalayo ndi yofanana ndendende ndi ya kugwedezeka kwa chimango china chake, choncho tikayeza kusinthako timadziwa zimango zimene zili m'chinthucho. Kusinthaku kumalembedwa mu muyeso wotchedwa cm⁻¹, ndipo makina amajambula mzere wokhala ndi nsonga zingapo, umene umakhala ngati chidindo cha chala cha chinthucho. Mwala wa laimu wa mtundu wa calcite, monga wa ku Changalume, umaonetsa nsonga yamphamvu pa 1086, quartz pa 464, ndipo dayamondi pa 1332. Nambala zimenezi sizisintha ngakhale musinthe laser: laser ya 532 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala, kumene kumasonyeza mtundu wake) ikawala pa calcite nsongayo imagwera pa 565 nm, ya 785 nm imaigwetsera pa 858 nm, koma m'njira zonse ziwiri kusinthako ndi 1086.

Zimenezi anazitulukira C. V. Raman pamodzi ndi K. S. Krishnan ku Calcutta mu February 1928, ndipo chaka chomwecho Landsberg ndi Mandelstam anazionanso paokha ku Moscow. Raman analandira mphoto ya Nobel mu 1930. Raman ndi Krishnan anaigwira ntchito yawo yoyamba ndi kuwala kwa dzuwa ndi masefa agalasi, kenako ndi nyale ya mercury, ndipo njirayi inakhala yovuta mpaka laser itapangidwa mu 1960.

M'kati mwa makina aliwonse a Raman muli zigawo zofanana. Pali laser yotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi, magalasi olunjikitsa kuwalako pa sampulo ndi kusonkhanitsa kobwerera, sefa yotchinga kuwala kwa Rayleigh kumene kukanaphimba zonse, grating yomwaza kuwala m'mitundu yake monga momwe kumsana kwa CD kumaonetsera utawaleza, ndi detector yowerenga kuchuluka kwa kuwala pa mtundu uliwonse. Kusiyana kwa makina kumachokera pa laser, chifukwa laser ikasintha ndiye kuti sefa, grating ndi detector nazonso ziyenera kusintha.

Laser yobiriwira ya 532 nm ndiyo imapereka chizindikiro champhamvu mwa zitatu zimene zimagulitsidwa kwambiri. Lamulo lake ndi lakuti funde la kuwala likafupika ndi theka, kumwazika kumakula maulendo 16, choncho 532 nm imaposa 785 nm pafupifupi kasanu, ndipo imaposa 1064 nm maulendo 16. Pa miyala, pa mchere wa m'nthaka, pa makala ndi graphite, ndiyo imene ndingasankhe mosakayika, makamaka ikalumikizidwa ku maikulosikopu, chifukwa pamenepo kadontho ka laser kamachepa kufika pafupifupi maikulomita imodzi ndipo mungathe kuyeza kachidutswa kali m'kati mwa mwala wina. Kwa ophunzira za miyala pa Yunivesite ya Malawi ku Chirunga, kapena kwa akatswiri a Geological Survey Department imene likulu lake lili konkuno, ntchito yotere ndi ya tsiku ndi tsiku, chifukwa mapiri a Zomba ndi Malosa ndi odziwika pa dziko lonse ndi aegirine, quartz yofuka, feldspar ndi zircon. Mwayi wina ndi wakuti nkhokwe ya RRUFF ya ku University of Arizona imapereka mizere ya Raman ya miyala yambiri kwaulere pa intaneti, moti simuyenera kugula nkhokwe ya mizere yoyerekezera kuti muzindikire mwala.

Komabe laser yobiriwira ili ndi mdani wamkulu, amene ndi fluorescence. Zinthu zambiri zamtundu, makamaka zochokera ku zomera, zimameza kuwala kobiriwira kenako n'kukutulutsanso mochuluka kwambiri kuposa kuwala kwa Raman. Kufuna nsonga za Raman m'kati mwa kuwala kotereku kuli ngati kufunafuna chiphaniphani dzuwa lili paliwombo. Ndinaziona ndekha tsiku lina pamene ndinaika ufa wa masamba a chammwamba pansi pa laser ya 532 nm. Pa kompyuta panabwera chitunda chimodzi chachikulu chopanda nsonga iliyonse, ndipo nditawonjezera mphamvu poganiza kuti zithandiza, ndinamva kafungo ka kupsa, n'kupeza kabowo kakuda pakati pa ufawo. Fodya, tiyi, dothi la katondo, mafuta ophikira osayengedwa, mankhwala azitsamba ndi mapiritsi okutidwa ndi utoto, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Tikaganizira kuti zinthu zimene anthu amabweretsa ku labotale za kuno zambiri zimachokera kumunda ndi kumsika, vuto limeneli si laling'ono ayi, ndipo ndi limene liyenera kutsogolera chisankho.

Laser ya 785 nm ili kumalire kwa kuwala kofiira kumene diso limaona movutikira, ndipo ndiyo imene ili m'makina ambiri onyamula m'manja. Mafotoni ake alibe mphamvu yokwanira kudzutsa fluorescence m'zinthu zambiri, komabe chizindikiro chake chikadali chokwanira kuwerengedwa ndi detector ya silicon ya mtundu wa CCD, imene ndi yotchipa poyerekeza ndi ina ndipo safuna kuziziritsa kwambiri. Pa mapiritsi oyera, ufa wa mankhwala, mapulasitiki, zakumwa zoyera ndi feteleza imagwira ntchito bwino kwambiri. Urea weniweni amaonetsa nsonga yaikulu pafupi ndi 1010, ndipo ngati timibulu tina m'thumba tikuonetsa 464 m'malo mwake, mwadziwa kuti umenewo ndi mchenga. Mu kachasu, ethanol amadziwika ndi nsonga ya pafupi ndi 880, pamene methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, ali ndi yake pafupi ndi 1030, ndipo mungathe kuyeza botolo lisanatsegulidwe. Apa ndiyenera kuchenjeza kuti methanol wochepa amabisala m'mbali mwa nsonga za ethanol, kotero makinawa amagwira mowa woipitsidwa kwambiri, koma chitsimikizo cha mlingo wochepa chimafuna gas chromatography, njira ya mu labotale yolekanitsa zosakanizika ndi kuyeza mlingo wa chilichonse.

Zofooka za 785 nm zilipo ziwiri zimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Choyamba n'chakuti silicon amasiya kumva kuwala kukapitirira pang'ono 1000 nm, ndipo nsonga za zimango za carbon ndi hydrogen za pafupi ndi 3000 zimagwera pa 1027 nm, moti zimaoneka zofooka kapena makinawo safikako n'komwe. Chachiwiri chikukhudza miyala yathu: neodymium, mmodzi mwa michere yosowa yopezeka ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, amawala yekha akalandira 785 nm, ndipo amatulutsa nsonga zimene wosazolowera angaganize kuti ndi za Raman. Galasi wamba nalonso limapereka chitunda pafupi ndi 1400 pa laser imeneyi. Vuto lofanana nalo limachitika ndi ruby, monga wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, pa laser yofiira ya 633 nm, chifukwa chromium wa mu ruby amawala pa 694 nm, pamene ndi pakati penipeni pa malo owerengera nsonga. Njira yodziwira chinyengo chotere ndi kuyezanso ndi laser ina: nsonga yeniyeni ya Raman imakhala pa nambala yomweyo, pamene ya fluorescence imasuntha kapena kuzimiririka. Ichi n'chifukwa chake maikulosikopu yokhala ndi laser ziwiri ndi yofunika kwambiri pa ntchito ya miyala kuposa yokhala ndi laser imodzi yamphamvu.

Laser ya 1064 nm siioneka ndi maso n'komwe, ndipo ndiyo imathetsa fluorescence m'zinthu zambiri zovuta. Masamba, mafuta, utomoni, nsalu zonyikidwa mu utoto ndi mapiritsi achikasu, zimene zimalephereka pa laser zina zija, pano zimaonetsa nsonga zooneka bwino. Vuto lake ndi lakuti chizindikiro n'chofooka, choncho pamafunika laser yamphamvu ndi nthawi yotalikirapo, ndipo zinthu zakuda zimatha kupsa. Detector ya silicon sigwiranso ntchito pano, m'malo mwake pamaikidwa ya InGaAs kapena ya germanium, ndipo zonsezi zimakweza mtengo. Makina akale a mtundu umenewu, otchedwa FT-Raman, amene Hirschfeld ndi Chase anaonetsa mu 1986, amagwiritsa ntchito chipangizo cha magalasi chotchedwa interferometer m'malo mwa grating, ndipo ambiri a detector ya germanium amafuna nitrogen wamadzi woziziritsira. Labotale ya ku Zomba imene ilibe njira yodalirika yopezera nitrogen wamadzi isayerekeze kulandira makina otere, ngakhale ataperekedwa ngati mphatso, chifukwa adzangokhala atafundidwa nsalu pakona. Makina atsopano a 1064 nm a grating ndi InGaAs amaziziritsidwa ndi magetsi, ena ndi onyamula m'manja, ndipo amenewo ndi amene ali oyenera kuganiziridwa.

Funso lina ndi la kukula kwa makina. Onyamula m'manja amayendera batire, salabadira kuzima kwa magetsi, amalowa m'chikwama kupita ku sitolo ya mankhwala ku Thondwe kapena ku Domasi, ndipo amangoonetsa kuti chinthucho chagwirizana kapena sichinagwirizane ndi chimene chili m'nkhokwe yake. Bungwe loona za mankhwala ku Nigeria, NAFDAC, lakhala likugwiritsa ntchito makina otere pofufuza mankhwala achinyengo, ndipo kufunika kwake n'koonekeratu tikakumbukira kuti World Health Organization inanena mu 2017 kuti mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse m'maiko osauka ndi apakatikati ndi osakwanira mphamvu kapena achinyengo. Koma makina ang'onoang'ono salekanitsa bwino nsonga zoyandikana. Ambiri amasiyanitsa nsonga zotalikirana pafupifupi 10 cm⁻¹, pamene a patebulo amafika pa 1 kapena 2. Calcite ali pa 1086 ndipo dolomite ali pa 1098, choncho mwala wosakanizika wa ziwirizi umaoneka ngati nsonga imodzi yonenepa pa makina a m'manja. Komanso yankho lawo limadalira nkhokwe ya mizere yoyerekezera, ndipo ngati nkhokweyo inapangidwa ndi mankhwala ogulitsidwa ku Ulaya, piritsi labwinobwino la fakitale ina ya ku India likhoza kukanidwa chifukwa cha ufa wosakanizira wosiyana. Amene wagula makinawa ayenera kukonza nkhokwe yakeyake kuchokera ku mankhwala otsimikizika amene akugulitsidwa m'dziko muno.

Pa mankhwala a malungo pali mfundo imene ndikufuna kuitsindika, chifukwa ikukhudza moyo wa anthu. Piritsi la LA, limene lakhala mankhwala oyamba a malungo m'Malawi kuyambira 2007, lili ndi mamiligalamu 20 a artemether ndi 120 a lumefantrine. Lumefantrine ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi, ndipo kapangidwe kake kamamwaza kuwala mwamphamvu, choncho mzere wa piritsilo umadzaza ndi nsonga zake, pamene artemether amamveka movutikira. Makina a m'manja angathe kugwira mosavuta piritsi la choko kapena la sitachi lopanda mankhwala, koma piritsi limene lili ndi lumefantrine wokwanira ndi artemether woperewera likhoza kudutsa. Raman ndi sefa yoyamba yosankhira zoyenera kutumizidwa ku labotale ya Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, kumene makina olekanitsa zosakanizika otchedwa HPLC amayeza mlingo weniweni, ndipo sayenera kutengedwa ngati chigamulo chomaliza.

Sitingayerekeze makina a Raman popanda kutchula mnzake wotchedwa FTIR, amene amayeza ndi infrared (kuwala kosaoneka kopitirira kofiira), chifukwa kawirikawiri ndalama zimakwanira chimodzi chokha. Njira ziwirizi zimayang'ana kugwedezeka komweko koma mosiyana. Infrared imamezedwa ndi zimango zimene mbali imodzi ili ndi mphamvu ya magetsi yosiyana ndi inzake, monga za oxygen ndi hydrogen kapena za carbon ndi oxygen, pamene Raman imamveka kwambiri pa zimango zofanana mbali zonse, monga za carbon ndi carbon kapena sulphur ndi sulphur. Mpweya wa nitrogen suoneka pa infrared, koma pa Raman uli ndi nsonga pa 2331. Madzi amachita zosiyana: amameza infrared kwambiri mpaka kuphimba zina zonse, koma pa Raman ndi ofooka, ndipo n'chifukwa chake Raman imayeza zosungunuka m'madzi ndiponso za m'botolo lagalasi, zimene zimavuta kwambiri pa FTIR. Mbali inayi, FTIR ilibe vuto la fluorescence, ufa wa chammwamba uja unapereka mzere wabwino pa FTIR ya mtundu wa ATR, imene sampulo imangopanikizidwa pa kamwala, m'mphindi imodzi, ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi wotsika kuposa wa maikulosikopu ya Raman. Chimene chimaivuta kuno ndi chinyontho. Makina ambiri a FTIR ali ndi magalasi a potassium bromide, mchere umene umayamwa madzi a mumpweya, ndipo nyengo ya dzinja ya ku Zomba, pamene nkhungu imatsika m'phiri ndipo mabuku amachita nguwi m'kabati, imatha kuwachititsa khungu magalasiwo ngati magetsi azima kwa masiku ndipo silica gel sanasinthidwe. Wogula FTIR apemphe ya magalasi a zinc selenide, amene sawonongeka ndi chinyontho, ngakhale kuti amadula mzere kumunsi pafupi ndi 600, ndiponso ya ATR ya dayamondi kuti asamavutike ndi kupanga timabulu ta potassium bromide tosakaniza ndi sampulo.

Pali njira inanso yotchedwa SERS, imene imakweza chizindikiro cha Raman maulendo miliyoni kapena kuposerapo poika mamolekyu pa tizidutswa tating'onoting'ono ta siliva kapena golide. Anayamba kuiona Fleischmann ndi anzake ku Southampton mu 1974, ndipo tanthauzo lake linafotokozedwa mu 1977. Imakopa chifukwa Raman wamba sangaone zinthu zochepa kwambiri monga poizoni wa chuku mu mtedza, amene malire ake pa msika wa European Union ndi mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wodyedwa mwachindunji. Kwa wophunzira wofufuza, SERS ndi munda wachonde, popeza tizidutswa ta siliva tingathe kuphikidwa mu labotale wamba ndi silver nitrate ndi citrate. Kwa woyeza katundu wa anthu, sindingailimbikitse panopa, chifukwa zotsatira zake zimasintha kuchokera pa mphika wina kufika pa wina, ndipo mlimi sangakanizidwe mtedza wake pa muyeso umene mawa ungapereke nambala ina.

Ndikanakhala ndi ndalama za makina amodzi okha a labotale yophunzitsira ndi yothandiza anthu a m'boma lino, ndikanayamba ndi FTIR ya ATR yosaopa chinyontho, chifukwa imalandira pafupifupi chilichonse chochokera kumsika. Achiwiri akanakhala a Raman a 785 nm a patebulo okhala ndi chingwe cha fibre, amene amaonetsa mzere wonse kwa wophunzira m'malo mongonena kuti inde kapena ayi, ndipo angathe kuyendera batire kapena sola. Amene ntchito yawo ndi miyala asiye zonsezi n'kulimbikira maikulosikopu ya 532 ndi 785 nm, yokhala pa tebulo lolimba m'chipinda chotchinga kuwala, popeza nyale za chubu za padenga zili ndi mercury amene amaika nsonga zabodza pa mzere, ndipo payenera kukhala UPS, kabokosi ka batire, yoteteza laser ku magetsi obwera mwadzidzidzi. Amene amayeza zomera, mafuta ndi mankhwala azitsamba ndi amene ali ndi chifukwa cholipirira 1064 nm. Onsewa akumbukire kuti laser za makinawa zimawononga diso, makamaka za 785 ndi 1064 nm zimene diso siliphethira nazo chifukwa siliziona bwino, ndipo magalasi otetezera a laser yobiriwira sateteza ku laser ya mtundu wina.

Musanasaine pepala logulira, sonkhanitsani zinthu khumi zimene muzidzayeza kawirikawiri, zikhale zenizeni za kuno, monga paketi ya LA, kabotolo ka kachasu, dzanja la urea, tsamba la fodya, mwala wakuda wa ku Malosa ndi dothi la ku Chilwa. Pemphani wogulitsa kuti aziyeze pa makina enieniwo ndi kukutumizirani mizere yosakonzedwa ndi kompyuta, chifukwa pulogalamu yochotsa chitunda cha fluorescence imatha kukongoletsa mzere umene mulibe kanthu. Funsaninso kuti laser imakhala maola angati isanafooke, amene adzaisinthe ali kuti, ndiponso ngati nkhokwe ya mizere imalipiridwa chaka ndi chaka. Makina akafika, sungani kachidutswa ka silicon m'kabokosi pambali pake, ndipo m'mawa uliwonse musanayeze chinthu cha munthu, onani ngati nsonga yake ikadali pa 520.7, kuti mudziwe kuti makinawo akuwerenga molondola.